Nkhondo amabwera nayo kunyumba

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, nonse mwamva zimene zinachitika kuno ku Chilenje usiku wa Chaka Chatsopano. Ana anaphulitsa timabomba tawo pafupi ndi kantemba, ndiye bambo wina wopuma usilikali anadziponya mu ngalande, n'kumakuwa kuti aliyense agone pansi. Ena munaseka. Achinyamata munatulutsa mafoni, kujambula, kutumiza pa WhatsApp. Ana anga, zimenezo n'zamanyazi. Bambo aja sanapenge, sanalodzedwe. Ali ndi bala la m'maganizo, ndipo limachizika.

Timanyadira kuti Zambia ndi dziko lamtendere, koma asilikali athu nkhondo anaiona. Agogo athu a Northern Rhodesia Regiment anakamenya ku Burma, n'chifukwa chake tili ndi Burma Road ndi Arakan Barracks pafupi pompano. Ana athu apita ku Mozambique, Rwanda, Angola, Sudan, ndipo kuyambira 2015 ku Central African Republic. Mu 2000 ku Sierra Leone, zigawenga za RUF zinagwira asilikali a United Nations mazanamazana, ambiri a iwo akwathu kuno, n'kuwasunga m'tchire masabata angapo. Munthu wotere akatsika ndege, achibale timangowerenga madola amene wabwera nawo, agule puloti, alipirire ana sukulu. Ndani amamufunsa ngati akugona tulo?

Bala la m'maganizo limeneli, lobwera munthu akaona zoopsa kwambiri, madokotala amati PTSD. Munthu ali ku Lusaka, koma thupi lake likadali pa ulonda. Amalota zomwezomwezo, kudzuka thukuta lili kamukamu. Chitseko chikamenyetseka amalumpha. Kutchalitchi amakhala pakhomo penipeni, safuna munthu kumbuyo kwake. Mwana wagwetsa mbale, iye wapsa mtima ngati nyumba yagwa. Ndiye amathawira ku kachasu kuti apeze tulo, koma mowa umangosokoneza tulo tomweto. Ndibwereze, sanapenge, sanalodzedwe, ndi bala.

Inde amayi? Akufunsa kuti, “Nanga akamandimenya, ndizingopirira poti ndi wodwala?”

Ayi amayi, ayi ndithu. Pali zinthu ziwiri apa. Pali woponya manja ali m'tulo, osadziwa kuti wagona ndi ndani. Ameneyo musamugwedeze pomudzutsa. Tsikani pabedi, yatsani getsi, muitaneni dzina muli chapatali, mumuuze kuti ali kunyumba. Koma wokumenyani ali maso, kaya waledzera kaya ayi, matenda sakumupatsa chilolezo. Alangizi anakuuzani kuti banja ndi kupirira, koma sananene kuti mufere m'nyumba. Tengani ana mukagone kwa achibale, mupite ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Kumeneko si kumupereka mwamuna wanu. Ena amavomera thandizo akaona kuti nkhani yatuluka m'chipinda. Pemphero nalo ndi labwino, abusa ali pano, koma lipite limodzi ndi chipatala.

Ndaona ena mukuyang'ana mitambo, ndithamange. Maloto oopsa, kudzidzimuka ndi kupsa mtima kuja zikapitirira mwezi, mperekezeni kukiliniki. Asilikali ali ndi chipatala chawo cha Maina Soko, kulinso Chainama Hills, chipatala cha matenda a m'maganizo, ndipo kupita ku Chainama si manyazi, kuli aphungu ndi mankhwala. Musamufunse kuti “munapha angati?” Akafuna kulankhula, mverani chabe. Akatchula zodzipha, musamusiye yekha, chotsani zingwe, mankhwala a makoswe ndi chida chilichonse, mupite naye tsiku lomwelo. Makolo, timabomba ana akaphulitsire kubwalo la mpira. Ndipo amene muli ndi vidiyo ija, muifufute musanatuluke pakhomo apo.