Mawu a M'mawa: Nkhuyu za Hezekiya

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero ndikufuna ndiyankhule makamaka ndi abambo anzanga za matenda a maganizo ndi mankhwala ake. Amayi musachoke, poti ndinu amene mumadziwa usiku umene ife timangotembenuka pamphasa osagona.

Tiwerenge 2 Mafumu 20:1-7.

Hezekiya anali mfumu, munthu wolamula asilikali, koma atadwala n'kuuzidwa ndi mneneri Yesaya kuti afa, anatembenukira kukhoma nalira kwambiri. Baibulo silinabise misozi imeneyo, ndipo Mulungu sanamudzudzule kuti mwamuna salira. Mneneri Yesaya asanapite patali, Yehova anamubweza kuti akamuuze mfumuyo kuti pemphero lake lamveka, misozi yake yaoneka, achira, ndipo awonjezeredwa zaka 15. Ambirife tikafika pamenepa timafuula aleluya n'kutseka buku. Komatu pali vesi 7. Yesaya yemweyo, pakamwa pali patangotuluka lonjezo la Mulungu, analamula kuti atenge nkhuyu aziike pa chithupsa cha mfumu. Anaziika, mfumu inachira.

Ife a ku Nkhotakota mkuyu timaudziwa, zipatso zake ana amangozipondaponda panjira. Chinthu wamba chotero Mulungu anachilola kuti chigwire ntchito limodzi ndi mawu ake. Palibe amene anamuuza Hezekiya kuti akalola nkhuyuzo ndiye kuti wakayikira mneneri.

Ndikulankhula zimene ndinadutsamo. Chaka chimene geni yanga ya usipa inagwa, ngongole ya katapila inandikhala pakhosi. Ndinkadzuka tambala asanalire, mtima ukugunda, tulo osabweranso. Nsima inasiya kukoma. Ana akaseka pabwalo ndinkapsa mtima popanda chifukwa. Kutchalitchi ndinkapita, ndinkatsogolera ngakhale pemphero, koma m'katimu munali mdima, ndipo tsiku lina nditakhala m'mbali mwa nyanja mwera ukuwomba ndinayamba kuganiza kuti banja langa lingapume nditachoka. Anthu akandifunsa ndinkati ndi malungo. Ndinasala kudya, ndinapemphereredwa, ndipo sindinyoza mapemphero amenewo chifukwa ndi amene anandisunga. Koma amene ananditengera kuchipatala ndi mayi a kunyumba, atatopa n'kundiona ndikuuma ngati chimanga cha m'chilala.

Kumeneko ndinamva koyamba kuti chimene chinkandidya chili ndi dzina, ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika. Ubongo ndi chiwalo cha thupi monga mtima kapena chiwindi. Mkulu wa mpingo wodwala shuga kapena BP tikamuona akumwa mankhwala m'mawa sitinena kuti wabwerera m'mbuyo. Nanga bwanji m'bale akanyamula mapiritsi a maganizo timayamba kunong'onezana kuti wapenga, kapena kuti pali tchimo limene sanaulule?

Pali zinthu zimene ndikanakonda wina akanandiuza msanga. Mankhwala a kuvutika maganizo, monga amitriptyline ndi fluoxetine, sagwira ngati panado. Pamatha masabata awiri, anayi, nthawi zina mpaka asanu ndi limodzi munthu asanaone kusintha kwenikweni, ndipo ambiri amawataya m'masiku oyambawa poganiza kuti palibe chikuchitika. Amitriptyline amagoneka ndi kuumitsa kukamwa, n'chifukwa chake amati muzimwa usiku. Ndipo pali nkhani imene abambo timachita nayo manyazi: ena mwa mankhwalawa amachepetsa chilakolako cha kuchipinda. Zikakuchitikirani musangosiya mwakachetechete. Bwererani mukanene, chifukwa adokotala angathe kusintha mlingo kapena kukupatsani mtundu wina. Mukayamba kupeza bwino, kawirikawiri mumafunika kupitiriza miyezi ina isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono.

Apa ndikupempha atumiki anzanga ndi mtima wonse. Tikamupempherera munthu pa mapemphero a usiku, tisamuuze kuti ataye mankhwala ngati umboni wa chikhulupiriro. Pali abale amene amalandira jakisoni mwezi ndi mwezi kuti mutu ukhale m'malo, amalima mpunga wawo, amadula nzimbe ku Dwangwa, amalera ana bwinobwino. Akasiya mwadzidzidzi matenda amabwerera, ndipo amene amavutika usiku kumufunafuna m'tchire ndi mkazi wake ndi ana, ife titabwerera kwathu. Yesu atachiritsa wakhate anamutuma kuti akadzionetse kwa wansembe. Ngati Ambuye achiritsadi, adokotala adzaona okha ndipo ndiwo adzanene kuti basi.

Mowa ndi chamba sindizitchula mwamwambo chabe. Abambo ambiri amathawira kumeneko kuti apeze tulo, koma kukacha dzenje limakhala lakuya kuposa dzulo, ndipo kachasu sagwirizana ndi mankhwalawa.

Si aliyense amene adzapatsidwe mapiritsi. Ena amangofunika uphungu, munthu wophunzira wowamvetsera ndi kuwathandiza kumasula mfundo imodziimodzi. Ndipo musaope kuti mukangotsegula pakamwa akutumizani ku Zomba. Ambiri amathandizidwa pa chipatala cha boma chomwechino, mwaulere, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Kulinso a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amene ntchito yawo ndi yomweyi. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bambo, ngati maganizo ofuna kudzipha akufikirani, musadikire Lamulungu. Uzani munthu mmodzi lero lomwe, mkazi wanu, mbusa, kapena mnzanu wa pa bwato, ndipo mupite naye kuchipatala.

Tipemphere.

Atate, Inu amene munaona misozi ya Hezekiya atayang'ana kukhoma, onani bambo amene wadzuka lero asanagone. Mupatseni mawu oti anene zoona akafunsidwa kuti wadzuka bwanji. Khalani ndi anamwino ndi madokotala amene amulandire. Dalitsani mapiritsi amene ali m'thumba mwake monga munadalitsira nkhuyu zija, ndipo mulimbitseni m'masabata oyambawa pamene sakuona kusintha. Tikhululukireni ife mpingo pamene tinaseka kapena kuweruza wodwala. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.