Mingora, tauni ya ku Swat: nthaka, milandu ndi amene amalamula

Zikomo amayi ndi abambo, takulandirani nonse. Lero tikamba za Mingora, tauni yaikulu ya m'chigwa cha Swat, kumpoto chakumadzulo kwa Pakistan, m'chigawo cha Khyber Pakhtunkhwa. Ambiri mwa inu dzinali munalimva chifukwa cha Malala Yousafzai, mtsikana uja anawomberedwa ndi a Taliban mu October 2012 akuchokera kusukulu, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Koma za iye tingozidutsa. Chimene tikufuna mugwire ndi ichi: maboma onse amene analamulirapo Mingora, anthu ake anawayeza ndi mafunso awiri, nthaka ndi ya ndani, ndipo mlandu utha liti.

Tauniyi ili m'mbali mwa mtsinje wa Swat, ndipo inakula mpaka kulumikizana ndi Saidu Sharif. Misika ili ku Mingora, maofesi a boma ali ku Saidu Sharif. Malowa ndi akale kwambiri. Pa Butkara, m'tauni momwemo, akatswiri a ku Italy anayamba kukumba mu 1956 napeza malo opembedzera a Chibuda a zaka zoposa 2,000. Chisilamu chinafika ndi ankhondo a ku Ghazni, ku Afghanistan wa lero, m'zaka za m'ma 1000.

Anthu amene ali ochuluka lero, a Yusufzai, omwe ndi fuko la a Pashtun, anafika m'zaka za m'ma 1500 kuchokera cha ku Kabul, motsogozedwa ndi Malik Ahmad. Si okhawo ayi. Kuli a Gujar oweta ziweto, kuli a Torwali ndi a Gawri a kumtunda kwa chigwa, cha ku matauni aang'ono a Bahrain ndi Kalam, amene ali ndi zinenero zawo koma kumsika amalankhula Chipashto, komanso kuli mabanja ochepa a Asikh ndi Ahindu.

Tsopano pa nthaka, apa tiime pang'ono. A Yusufzai atalanda chigwacho, mtsogoleri wawo wina, Sheikh Mali, anakonza dongosolo lotchedwa wesh. Munthu analibe munda wakewake. Anali ndi gawo chabe m'nthaka ya fuko lake, ndipo pakatha zaka zisanu, khumi, kwina kuposa apo, midzi inkachita maere n'kusinthana malo. Mudzi wonse unkasamuka. Cholinga chinali chabwino, kuti pasakhale banja lodya nthaka ya chonde mpaka kalekale pomwe lina likulima pamiyala. Nanga vuto lake mwaliona? Ndani angabzale mtengo wa zipatso podziwa kuti odzathyola ndi ena? Ndani angamange nyumba yolimba? Ndiponso amisiri ndi olima m'minda ya eni analibe gawo. Nthaka yokhayo yosasuntha inali yoperekedwa kwa mabanja a atsogoleri a chipembedzo, ndipo n'chifukwa chake mabanja oterewa anadzakula mphamvu.

Milandu inkaweruzidwa ndi jirga, msonkhano wa amuna akuluakulu, wofanana ndi bwalo la kwathu kuno kungoti palibe mfumu imodzi yogamula. Amakambirana mpaka onse agwirizane. Amuna ankasonkhana mu hujra, nyumba ya alendo ya mwininthaka wamkulu, khan, ndipo amene hujra yake inkadzaza ndiye anali ndi mawu. Kuchereza mlendo ndi kubwezera choipa zonse zinali udindo, choncho udani unkatha kudutsa mibadwo.

Potopa ndi nkhondo za pachiweniweni komanso kuukiridwa ndi mfumu ya ku Dir, dziko loyandikana nalo, mafuko anaganiza zokhala ndi wolamulira mmodzi. Mu 1915 jirga inasankha Sayyid Abdul Jabbar Shah, mu 1917 inamuchotsa n'kuika Miangul Abdul Wadud, mdzukulu wa Saidu Baba, mtsogoleri wa chipembedzo amene manda ake ali ku Saidu Sharif. Angelezi, amene ankalamulira India pa nthawiyo, anamuvomereza mu 1926 pa udindo wa Wali, kutanthauza wolamulira. Iyeyu ndiye anathetsa wesh pang'onopang'ono, aliyense n'kukhazikika pa nthaka yake. Anamanga malinga, misewu ndi mawaya a telefoni, ndipo Chipashto chinakhala chinenero cha m'maofesi. Swat inalowa mu Pakistan mu 1947 koma inapitiriza kudzilamulira. Mu 1949 mwana wake, Miangul Jahanzeb, analowa ufumu, namanga zipatala, masukulu a anyamata ndi atsikana omwe, ndi Jahanzeb College mu 1952.

Akuluakulu a ku Mingora amakumbukira nthawi imeneyo chifukwa cha milandu. Dera lililonse linali ndi malamulo olembedwa amene jirga yake inavomereza. Munthu ankalemba dandaulo, kupita nalo kwa ofesala wa dera kapena kwa qazi, woweruza wa Chisilamu, ndipo nthawi zambiri pasanathe masabata nkhani yatha, popanda loya. Koma tisakometse mopyola. Unali ulamuliro wa munthu mmodzi, msonkho wa mbewu unkatoleredwa mwamphamvu, ndipo wotsutsa ankathamangitsidwa m'dzikomo.

Mu 1969 boma la Pakistan linathetsa ufumuwo, Swat n'kusanduka boma wamba. Apa ndi pamene zinthu zinasokonekera, ndipo zifukwa zake n'zooneka. Kunalibe kaundula wokwanira wa nthaka. Ntchito yoyeza ndi kulemba minda inachitika m'zaka za m'ma 1980. Ma khan, olima m'minda yawo ndi banja la Wali onse anayamba kulimbirana minda ndi nkhalango. Mu 1975 kunabwera malamulo apadera a madera a mafuko olamulidwa ndi chigawo, otchedwa PATA, opereka milandu kwa jirga yotsogoleredwa ndi ofesala wa boma. Ndiye kuti jirga ija sinalinso ya anthu, ndipo khoti lenileni panalibe. Mlandu wa malire a munda unkatha zaka, ziphuphu zili mkati. Khoti lalikulu la Pakistan linathetsa malamulowo mu 1994, ndipo chaka chomwecho gulu la mtsogoleri wa chipembedzo Sufi Muhammad, lotchedwa TNSM, linaukira likufuna makhoti a Sharia, malamulo a Chisilamu, mpaka kulanda bwalo la ndege la Saidu Sharif.

Mkamwini wa Sufi Muhammad, Fazlullah, amene anadzatsogolera a Taliban ku Swat, anagwiritsa ntchito wailesi ya FM kulonjeza chilungamo cha msanga. Kuyambira 2007 mpaka 2009 a Taliban anagwira chigwacho, anagumula masukulu ambiri a atsikana, ndipo mitembo inkapezeka m'mawa pa Green Chowk, pakati pa tauni. Asilikali a Pakistan atayamba nkhondo yolimbana ndi a Taliban mu May 2009, anthu pafupifupi 2 miliyoni anathawa m'derali. Patatha pafupifupi chaka atabwerera, madzi osefukira a 2010 anakokolola milatho.

Nanga lero tauni imayenda bwanji? Pali mizere iwiri. Woyamba ndi wa osankhidwa ndi boma la chigawo ku Peshawar, likulu lake: Deputy Commissioner ku Saidu Sharif, pansi pake ma Assistant Commissioner, mpaka kwa patwari, kalaliki wosunga kaundula wa minda. Mukamva za chinyengo cha nthaka, kawirikawiri chimayambira m'buku la patwari. Mzere wachiwiri ndi wa osankhidwa ndi anthu, pansi pa lamulo la maboma aang'ono la 2013. Kumudzi kuli khonsolo ya mudzi, m'tauni khonsolo ya dera, ndipo muli mipando yosungidwira amayi, achinyamata, alimi kapena antchito, ndi a zipembedzo za anthu ochepa. Mlembi wa khonsolo ndiye amalemba kubadwa, imfa, ukwati ndi kutha kwa ukwati; mwana wosalembedwa pamenepo amadzavutika kupeza chiphaso cha unzika ku NADRA, bungwe la boma lolembetsa nzika. Lamulo litasinthidwa mu 2019, khonsolo ya boma lonse la Swat inachotsedwa, kunatsala ya mudzi ndi ya tehsil, lomwe ndi gawo la bomalo. Mingora ili mu tehsil ya Babuzai, ndipo meya wake anavoteredwa mwachindunji mu March 2022.

Chovuta ndi ndalama. Lamulo la 2013 linalonjeza makhonsolo 30 peresenti ya ndalama za chitukuko za chigawo, koma zimachedwa kapena kufika zoperewera, ndipo makhansala akhala akuchita zionetsero ku Peshawar. Choncho wofuna ngalande kapena mpope amathamangirabe kwa phungu kapena kwa Deputy Commissioner, khansala n'kumulambalala.

Za milandu, ku Mingora kuli nthambi ya khoti lalikulu la Peshawar yotchedwa Dar-ul-Qaza, ndipo kupolisi kuli makomiti oyanjanitsa anthu pa mikangano yaing'ono. Jirga ikadalipo, koma lamulo limaletsa swara, mwambo wopereka mtsikana ngati malipiro a mlandu. Mu 2013 mayi Tabassum Adnan anayambitsa Khwendo Jirga, jirga ya amayi okhaokha, yomwe imatengera kupolisi ndi kukhoti milandu ya nkhanza za m'banja ndi ya chuma cha masiye. Amene muli ndi mafunso, kwezani dzanja tiyambe kumbuyoko.