Alamu, nsomba zidikire kaye, yambani ndi madzi

Alamu, mwaswera bwanji ku Durban kumeneko? Uthenga wanu woti mukufuna kuyamba thanki ya nsomba za m'nyanja ya mchere ndi makorali ndaumva, zithunzi za mathanki ndaziona. Nkhaniyi kuti ndilembe zala zitopa, ndiye ndingolankhula, mumvetsere mukaweruka. Poyamba penipeni, Loweruka lino musagule nsomba. Olo imodzi, ngakhale ana alire chotani. Mwezi woyamba wonsewu ntchito yanu ndi madzi basi.

Kathanki ka malita 30 kaja kasiyeni. Anthu amayesa kuti kakang'ono ndiye kosavuta, chonsecho n'kamene kamavutitsa, chifukwa madzi ochepa sachedwa kusintha. Kukatentha masana nawo atentha, akaphwa pang'ono mchere wakwera, kankhono kamodzi kakafa madzi onse aipa. Tengani ya malita 80 kapena 100. Poiika ganizirani kulemera kwake: lita imodzi ndi kilo imodzi, kuonjezapo galasi, miyala ndi mchenga, mwadutsa makilo 100 kalekale. Katebulo ka TV ka matabwa a utuchi kaja sikangathe, kakanyowa kamafufuma. Pakhale posapendekeka, posafika dzuwa la pawindo, komanso kutali ndi utsi wa kukhitchini.

Ndikudziwa munasungapo mbuna, ndiye mukuti zonse n'chimodzimodzi. Ayi ndithu. Mbuna za kwathu ku nyanja ya Malawi n'zolimba, madzi a pampopi mukangochotsa chlorine zimakhala bwinobwino. Koma m'thanki ya mchereyi madzi a pampopi musayerekeze. Mumakhala phosphate, silicate, nthawi zina kopa wochokera m'mapaipi, ndipo kopa kwa nkhono, nkhanu ndi makorali ndi poizoni. Mufunika madzi osefedwa amene amati RO/DI. Masitolo a nsomba za m'nyanja ya mchere amagulitsa, mumangopita ndi zigubu zanu, zatsopano, osati zimene munasungiramo mafuta kapena sopo. Mugulenso kachipangizo kotchedwa TDS meter, koyeza zinthu zosungunuka m'madzi, n'kotchipa. Mukakaviika m'madzimo kazionetsa 0, kakapitirira pang'ono 1 kapena 2. Kakaonetsa 15, madziwo abwezeni. Eya, ndikudziwa nyanja ili pakhomo panu, koma madzi a m'mphepete pafupi ndi doko, makamaka mvula ikagwa, mumakhala zonyansa za mumzinda. Musatunge.

Mchere si wa kukhitchini ayi, ndi wa m'matumba olembedwa reef salt, umene uli kale ndi calcium, magnesium ndi zina zonse. M'nyanja mumakhala pafupifupi magalamu 35 a mchere pa lita, koma inu tsatirani muyeso wa pathumba kenako muyeze. Madzi ayambe kulowa m'ndowa, mchere uzibwera pambuyo pang'onopang'ono pampu ikuzungulitsa. Mukayamba ndi mchere n'kuthira timadzi pamwamba, calcium amaundana, madzi amachita mbuu ndipo sabwereranso. Asiyeni azungulire usiku wonse. Poyeza kuchuluka kwa mchere gulani kachipangizo kotchedwa refractometer, tija ta pulasitiki ta muvi wosambira timanama kukangokhala kathovu. Nambala yanu ndi 1.025 kapena 1.026, ndipo muisunge pamtima kuposa nambala ya foni ya mlongo wanga.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa ambiri amagwa pomwepa. Madzi a m'thanki amauluka tsiku lililonse, mchere suuluka. Zili ngati ndiwo zikaphwerera pamoto, msuzi umachepa koma mchere umawawa kwambiri, ndipo palibe mayi amene amathiramo mchere wina, amathira madzi. Inunso chimodzimodzi. Madzi akatsika, muzionjezera a RO opanda mchere. A mchere ndi a tsiku losintha madzi lokha, pamene mwachotsa ena ndi paipi. Matani kaselotepi pagalasi pamene madzi alekezera, m'mawa uliwonse muzidzaza mpaka pamzerepo. Tsiku lililonse pang'ono, osati kudikira Lamlungu n'kukhuthulira malita asanu nthawi imodzi. Ndalama zikadzapezeka pali kamakina kochita zimenezi kokha, amati auto top-off, ndipo ine ndikanakhala inu ndikanayamba kugula kameneko ndisanaganize za nyali yodula.

Zipangizo zina ndingodutsamo. Heater muiike pa madigiri 25, ndi thermometer yapadera chifukwa manambala a pa heater sadalirika. Kwanuko vuto lenileni ndi kutentha kwa Januwale ndi Febuluwale. Madzi akamafika 29, 30, makorali amayamba kuyera, ndiye kafani kakang'ono kouzira pamwamba pa madzi kamathandiza, kungoti madzi amauluka ochuluka. Pampu ya mafunde, wavemaker, izikankha madzi pafupifupi ka 20 kukula kwa thanki pa ola, ndiye ya malita 1500 mpaka 2000 pa ola ikukwanani. Iyang'ane chakumwamba kuti pamwamba pa madzi pazigwedezeka. Nyali ikhale ya LED ya reef, ya kuwala kwa buluu. Skimmer, makina ochotsa zonyansa m'madzi ndi thovu, pakadali pano isiyeni, akakukakamizani kusitolo muwauze kuti mubweranso. Chivindikiro cha ukonde, chifukwa nsombazi zimadumpha. Ndipo zingwe zonse za magetsi zizitsika kaye pansi kenako n'kukwera kupita ku soketi, kuti dontho likamatsetsereka ligwere pansi. Madzi a mchere ndi magetsi, alamu, samalani, m'nyumbamo muli ana.

Miyala gulani youma ya kusitolo, yobowokabowoka ija, makilo 7 kapena 8 akwana. Musakazule ku Sodwana, kumene kuja ndi mu iSimangaliso, malo otetezedwa, akakupezani nayo ndi mlandu. Muyambe kukhazika miyala pagalasi penipeni, mchenga ubwere pambuyo, chifukwa mukaisanja pamwamba pa mchenga kanyama kakafukula pansi mulu wonse ugwa. Musiye mipata yoti nsomba zizibisala, ndiponso danga loti dzanja lizidutsa popukuta galasi. Mchenga wa aragonite, masentimita 2 kapena 3 basi.

Mukadzaza madzi, nyali ikhale yozima, pampu ndi heater ziziyenda. Apa ndiye mukuweta mabakiteriya. Nsomba ikamapuma ndi kuchita chimbudzi imatulutsa ammonia, amene amawotcha makha ake. Pali mabakiteriya amene amasandutsa ammonia kukhala nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savuta akakhala wochepa. Mabakiteriyawa amakhala m'mabowo a miyala ija, koma m'thanki yatsopano mulibe, ndiye muyenera kuwaitana ndi chakudya. Thiranimo ammonium chloride wa m'kabotolo mpaka muyeso ufike 2 ppm, kutanthauza mamiligalamu 2 pa lita, kapena ponyanimo kachidutswa ka prawn yaiwisi kawole momwemo. Mabakiteriya a m'botolo amafulumizitsako. Ena adzakuuzani kuti ikanimo kansomba kotchipa kayambitse, musamvere, n'kuzunza chamoyo popanda chifukwa. Muziyeza masiku awiri kapena atatu aliwonse n'kumalemba m'kope. Mudzaona ammonia akwera kenako atsika, nitrite akwera naye n'kutsika, nitrate n'kuyamba kuoneka. Zimatenga milungu 4 mpaka 6. Mukathiranso ammonia n'kupeza kuti mawa lake nthawi yomweyo wabwerera pa 0, nitrite nayenso 0, ndiye kuti zapsa. Sinthani madzi okwana kotala la thanki, kenako yatsani nyali.

Ndikuchenjezeretu, ikangoyaka nyali thanki idzanyansa. Mchenga woyera uja udzachita fumbi la bulauni, ndi ma diatom amenewo, kenako ndere zobiriwira ngati tsitsi pamiyala. Mlongo wanga adzafunsa kuti ndalama zonse zija n'zimenezi? Musathamangire mankhwala, musatulutse miyala kukakwecha. Fumbi lija limatha lokha silicate akatha. Nthawi imeneyi ndiye yogula nkhono, za trochus zisanu kapena zisanu ndi imodzi zodya ndere, ndi za nassarius ziwiri zitatu zimene zimakhala mumchenga n'kuvumbuluka zikamva fungo la chakudya. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kuno mudzaziona zenizeni, zikukwawa pagalasi kakamwa kakupala ndere.

Nsomba zoyamba zikhale clownfish ziwiri za mtundu wa ocellaris, za olenji za mizere itatu yoyera zija ana akuzifuna. Mufunse zoswedwera m'thanki, osati zogwidwa m'nyanja, chifukwa zinazolowera kale chakudya chogula. Tengani zazing'ono, ina yokulirapo pang'ono. Nsomba zimenezi yaikulu pagulu ndi imene imasanduka yaikazi, inayo imakhala yaimuna, ndiye zikasiyana msinkhu ndewu imachepa. Nsombazi sizifuna anemone, kanyama konga duwa kamene zimabisalamo m'nyanja, kuti zikhale ndi moyo, ndipo anemone m'thanki yatsopano amafa, kapena amayendayenda mpaka kulowa m'pampu. Blue tang ayi, imakula mpaka masentimita 30. Mandarin ndi yokongola zedi koma imadya tizilombo tamoyo ta m'miyala tsiku lonse, m'thanki ngati yanuyi ifa ndi njala. Kusitolo muime kaye muziyang'ane, muwapemphe azidyetse inu mukuona. Ya timadontho toyera pathupi, yopuma mwabefu, yodzikhula pamiyala, musatenge ngakhale ina ya m'thanki yomweyo. Mankhwala ambiri a matenda amenewa ali ndi kopa, ndiye sangathiridwe muli makorali. Kathanki ka malita 30 kaja apa ndiye kapeza ntchito, kosungiramo nsomba yatsopano payokha milungu inayi isanalowe kwa zinzake. Kudyetsa kamodzi kapena kawiri patsiku, chakudya choti chithe pa mphindi imodzi, ndipo wodyetsa akhale mmodzi m'nyumbamo.

Pakatha milungu ingapo nsomba zili bwino, yambani makorali ofewa: mushroom, leather, zoanthid. Green star polyps ndi Xenia n'zosavuta koma zimayanga mpaka kukwirira zinzake, ziikeni pa mwala wakewake pamchenga. Korali ndi nyama, koma m'thupi mwake mumakhala tindere tating'onoting'ono timene timaipangira chakudya ndi kuwala, n'chifukwa chake nyali iziyaka maola 8 mpaka 10 pa timer, nthawi yofanana tsiku lililonse. Yatsopano muyambe kuiika pansi, muzikweza pang'onopang'ono. Ikatseka masiku awiri musaisunthesunthe. Acropora ya nthambi ija muiiwale mpaka chaka chithe.

Za zoanthid ndi abale ake a Palythoa imvani bwino. Zina zimakhala ndi poizoni wotchedwa palytoxin, woopsa kwambiri. Pozigwira valani magolovesi ndi magalasi, musagwire muli ndi bala, ndipo mwala umene zamerapo musadzauwiritse, kuuthira madzi otentha kapena kuukwecha pouma. Nthunzi yake yagonetsapo mabanja athunthu m'chipatala.

Mlungu uliwonse chotsani malita 8 kapena 10, mubwezeremo a mchere amene munasakaniza dzulo lake, ofanana kutentha ndi muyeso. Muziyeza alkalinity, imene ndi mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, ikhale pa 8 kapena 9 pa muyeso wake wa dKH, calcium cha m'ma 420 ppm, nitrate asapitirire 10 koma asafikenso pa 0. Ndi makorali ofewa kusintha madziko kumakwanira, mabotolo owonjezera aja musathire chinthu chimene simunayeze. Manja muzitsuka ndi madzi okha musanawaviike, opanda sopo kapena mafuta odzola. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu asapoperedwe m'chipinda chimenecho, muuze aliyense.

Magetsi akazima, chimene chimayamba kutha si kutentha ayi, ndi mpweya. Gulani kapampu ka mpweya ka mabatire kazikhala pafupi, kapena lumikizani wavemaker ku inverter ngati muli nayo. Zikavutitsitsa, tungani madzi ndi jagi n'kumawathira kuchokera m'mwamba mphindi zingapo zilizonse. Nyali ikhoza kukhala yozima masiku awiri popanda vuto, ndipo nthawi imeneyo musadyetse.

Chinanso, za Disembala mukamapita kumudzi. Amene mudzamusiyire makiyi musamupatse chitini chonse cha chakudya, adzathira mwachifundo n'kuwononga madzi. Mugawiretu m'timapepala, kamodzi pa masiku awiri, zotsalazo mubise. Chigubu cha madzi a RO mulembepo ndi pentopeni, cha mchere mutsekere kuchipinda, ndipo mumuonetse kaselotepi kaja ndi maso ake asanakuperekezeni ku basi.