Mwana akapatsidwa ntchito yolankhula m'kalasi

Zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Ndi angati muno ana awo ali Giredi 10 mpaka 12? Eya, manja ndi ambiri ndithu.

Kuno ku Joni phunziro la Chingerezi silithera pa kulemba ayi. Pali gawo lolankhula, aphunzitsi amati oral, ndipo pa matric, mayeso omaliza a Giredi 12, limatenga malikisi 50. Mwana amaima kutsogolo kwa anzake n'kulankhula pa mutu womwe wakonzekera.

Tsono vuto lathu lagona apa. Kwathu timaphunzitsa mwana kuti polankhula ndi wamkulu aziweramitsa nkhope, mawu azitsitsa. Umenewo ndi ulemu, sindikuti tiutaye. Koma m'kalasi mphunzitsi wagwira pepala lochongera, akuona ngati mwanayo akuyang'ana anthu kumaso, ngati mawu akufika mpaka kumbuyo. Mwana wanga wamkazi chaka chatha anabwera kunyumba misozi ili mbwembwembwe. Nkhani anailoweza bwinobwino, koma nthawi yonse maso anali pa nsapato zake. Ndinadziona kuti wolakwa ndine, chifukwa sindinamuuzepo kuti pa nthawi imeneyi kuyang'ana aphunzitsi si mwano. Auzeni anawo mosabisa.

Mutu asankhe womwe akuudziwa. Zokopera pa intaneti n'chikomekome cha mkuyu, akangofunsidwa funso limodzi amangoti kakasi. Koma mwana woti anakwerapo basi pa Park Station, anachezera pamzere pa boda ya Beitbridge, anaoloka mlatho wa Zambezi ku Tete mpaka kukalowa pa Mwanza, ameneyo ali ndi nkhani yomwe anzake sanaimvepo.

Asanyamule chipepala chachikulu choti azikawerenga. Timakadi tokwana m'manja, mawu atatu kapena anayi pa kadi lililonse, basi.

Ndiye ntchito yanu makolo ndi iyi. Madzulo mukatha kudya nsima, zimitsani TV, mwana aime cha pachitseko, wina agwire foni aziwerengera mphindi zomwe aphunzitsi anapereka. Kaya Chingerezi chimakuvutani, mudzaonabe ngati akuthamanga kapena akuvinavina. Tcheraninso khutu pa "r" ndi "l", paja ife timazisakaniza, "pray" n'kusanduka "play", anzake n'kumuseka. Ayeserere madzulo anayi kapena asanu, osati usiku womaliza wokha.

Amene ana awo akulankhula sabata yamawa, bwerani nawo Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Tidzakhala muholo muno n'kuwamvera mmodzimmodzi.