Mayina a makhadi amene ukawamve patebulo la poker

Mphwanga, wadzuka bwanji kumeneko? Uthenga wako ndaumva, ndipo ndasangalala kuti Lolemba ukuyamba kuphunzira kugawa makhadi ku casino ya ku Johannesburg. Za amayi usade nkhawa, ndiwaimbira ndekha kuno ku Manchester, ndiwafotokozere kuti wogawa makhadi satchova juga, amalandira malipiro pamwezi monga ndichitira ine.

Tsono wafunsa za mayina a makhadi aja amakusokoneza. Mu Texas Hold'em, mtundu wina wa poker, aliyense amalandira makhadi awiri obisa oti awaphatikize ndi ena oonekera patebulo, ndipo awiri obisawo osewera anawapatsa mayina. Ambiri ndi osavuta, amachokera pa maonekedwe basi. Ma 8 awiri amati snowmen, chifukwa 8 amaoneka ngati zidole zija amaumba ndi chipale chofewa kuno nthawi yozizira. Ma J awiri ndi fish hooks, mbedza. Ma 2 awiri ndi ducks, abakha, tayang'ana khosi la 2 uone. Ma K awiri ndi cowboys, ma Q awiri ndi ladies. Ma A awiri, omwe ndi makhadi oyambira amphamvu kuposa onse, amati pocket rockets, ena American Airlines chifukwa cha zilembo AA. A ndi K ndi Big Slick. Amenewa ukangowamva sabata imodzi akhazikika okha m'mutu.

Koma awiri awa ali ndi mbiri, ndipo makasitomala achikulire amakondwa wogawa akaidziwa. Loyamba ndi 10 ndi 2, amati Doyle Brunson. Paokha ndi makhadi achabechabe, munthu wanzeru amangowataya. Koma mkulu ameneyu, wa ku Texas, anapambana mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas mu 1976 atagwira 10 ndi 2. Chaka chotsatira, 1977, anapambananso, makhadi omaliza omwewo, 10 ndi 2, ndipo maulendo onse awiri anathera pa full house, kutanthauza makhadi atatu ofanana ndi ena awiri ofanana. Anamwalira mu 2023 ali ndi zaka 89, koma mpaka lero ukaona munthu akuponya ndalama pa 10 ndi 2 akumwetulira, ndi chifukwa cha iyeyo. Ine zimandimvetsa chisoni, chifukwa mwayi wa Brunson wadyetsa anthu ambiri ndalama zawo.

Lachiwiri ndi dead man's hand, makhadi a munthu wakufa: ma A awiri akuda ndi ma 8 awiri akuda. Pa 2 Ogasiti 1876, m'tauni ya migodi ya golide yotchedwa Deadwood ku Dakota, m'dziko la America, katswiri wa mfuti wotchedwa Wild Bill Hickok ankasewera poker ya makhadi asanu m'bala atafulatira khomo. Munthu wina dzina lake Jack McCall analowa n'kumuwombera kunkhongo. Amati m'manja mwa Hickok munali makhadi amenewa, ngakhale kuti zimenezi zinadzalembedwa patapita zaka zambiri iye atafa. Masiku ano wina akalandira A ndi 8 amangotchula dzina lomwelo. Osadabwa ukaona kasitomala akukana mpando wofulatira khomo, alipo otero.

Tsopano tchera khutu, apa ndi pamene pali ntchito yako. Mayinawa uwadziwe kuti umve zimene akunena, koma iweyo usawakhulupirire. Munthu akhoza kufuula kuti cowboys, makhadi atawapanikiza ndi chala patebulo, mnzake n'kutaya mtima n'kuponya ake. Iwe usasunthe chip ngakhale imodzi, tija timaimira ndalama patebulo. Lamulo lake amati cards speak: makhadi onse awiri atembenuzidwe, agone chagada patebulo, uwerenge wekha ndi maso ako, kenako ulengeze chimene chapambana ndi dzina lake lenileni, two pair (awiri ofanana ndi enanso awiri ofanana), flush (asanu a chizindikiro chimodzi), full house, osati la nthabwala. Ukakankhira ndalama kwa munthu wolakwika, kamera ili pamwamba pako yaona, ndipo wofunsidwa ndi iwe.

Chinanso, masewero ali mkati pakamwa pako pasatuluke dzina la khadi la munthu, ngakhale utaliona mwangozi pogawa. Nkhani za Brunson ndi Hickok uzicheza pamene mukusakaniza makhadi, masewerowo atatha.

Usanapite Lolemba, gula paketi ya makhadi, usiku uzigawa pabedi uku ukutchula mokweza chimene chapambana. Ukaweruka tsiku loyamba unditumizire uthenga, ine ndimalowa ntchito usiku, ndidzaumva m'mawa. Moni kwa alamu.