Bwana wa mu ofesi ya boma timamuyeza ndi chiyani?

Zikomo a tcheyamani. Mafumu athu, amayi ndi abambo a kuno ku Chibavi, ndi inu mwachokera ku Zolozolo ndi Mchengautuwa, monire mose.

Nditafunsa pano kuti bwana wakutiwakuti amagwira bwanji ntchito, ambiri munganene kuti ndi munthu wabwino, pamaliro amafika, chipepeso amapereka. Zabwino ndithu, koma misonkho yathu simulipirira zimenezo. Wagolosale akamachita ulesi makasitomala amathawa, shopu n'kutsekeka. Ofesi ya boma sitsekeka. Ngakhale akukhumudwitseni, mawa mubwereranso pa windo lomwelo. Ndiye tikapanda kumuyeza ife, amuyeza ndani?

Funsani kuti analonjeza chiyani, analandira ndalama zingati, nanga pansi pali chiyani. Tiyerekeze ngalande. Mu bajeti alemba kuti amanga ya mamita 200. Chikwangwani cha kontrakitala chisakukhutitseni. Pitani mukayiyende, muwerenge mapazi. Kandani simenti ndi chala. Ikamayoyoka ngati chigumu, mwadziwa kale kumene kwapita matumba ena. Kenako dikirani mvula ya mu Epulo ija, ya kuno ku Mzuzu yosadziwa kukata, muone ngati madzi akutsata ngalande kapena akulowa m'makhitchini mwanu. Mukukumbuka Cashgate mu 2013? Makampani ankalandira macheke a boma osapereka katundu aliyense. Pepala lokha limanama.

Koma tisamaweruze mopupuluma. Nthawi zina ndalama zochokera ku Capital Hill zimafika mochedwa, mwinanso zoperewera. Amene walandira theka n'kumanga theka lolimba, ineyo ndimamuwerengera kuposa amene walandira zonse n'kutipatsa chigumu chija.

Mudziwa bwanji zimene analandira? Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Mumalemba kalata, iwo ayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakhala chete, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission kapena kwa Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a anthu pa ntchito za boma. Malipoti a Auditor General, mkulu wofufuza momwe ndalama za boma zagwiritsidwira ntchito, nawonso si achinsinsi, amapita ku Nyumba ya Malamulo.

Kalatayo musalembe nokha ngati mkangano wa munthu mmodzi, ayi. Idzere ku komiti ya chitukuko ya wodi, akhansala asayinire, ndipo kope limodzi adindepo chidindo, litsale kwa alembi athu.

Eya mayi kumbuyoko, ndaliona dzanja lanu. Imani anthu akumveni.