Moyo wathanzi kuno ku Joni: zimene namwino anayankhula pamsonkhano wa Amalawi ku Rosettenville

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali, ndathokoza kuti mwatsalira ngakhale kunja kwazizira chonchi. Ine ndine namwino, kwathu ndi ku Dedza.

Tangomaliza kumene kusonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndipo chaka chino si koyamba. Chimene chimandipweteka n'chakuti amene tikuwaperekezawa si nkhalamba ayi, ndi anthu amene dzulo lake anali kuntchito. Timangomva kuti "anangogwa". Abale anga, munthu sangogwa. Nthawi zambiri matenda amakhala atamudya m'kati kwa zaka, mwiniwake osadziwa.

Wamkulu wa matendawa ndi BP, kuthamanga kwa magazi. Tikakumangani lamba uja pamkono, makina amaonetsa manambala awiri. Yapamwamba ikamafika 140 kapena yapansi 90, ndipo zikamabwerezabwereza, ndiye kuti BP yakwera. Vuto lake siiwawa. Ena mumati "ine ikakwera ndimamva mutu". Ayi bambo, ambiri samva kanthu. Magazi akamakankha mitsempha mwamphamvu tsiku ndi tsiku, mtsempha wa mu ubongo umadzaphulika kapena kutsekeka, ndiyo sitiroko ija, munthu kufa ziwalo mbali imodzi. Impso zimaonongeka, mtima umatopa, maso nawo amachita khungu.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi mchere wa tsiku limodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, ndiye kasupuni kamodzi ka tiyi. M'mawa pothamangira taxi mwagula magwinya, mandasi a kuno aja, ndi soseji ya polony. Masana kota, buledi uja amaikamo tchipisi, soseji ya russian ndi atchar. Madzulo mu ndiwo mwathira mchere, mwaponyamo kakyubu ka Knorrox, mwawaza Aromat, kenako patebulo mwawazanso wina. Kasupuni kaja munakamaliza dzuwa lisanapendeke. Boma la South Africa linaona vutoli, ndipo kuyambira 2016 pali lamulo lochepetsa mchere mu buledi, masoseji ndi supu wa m'mapaketi. Koma mchere wa m'dzanja lanu lamulo silifikako, muyenera kuuchepetsa nokha. Chepetsani pang'onopang'ono, pakapita masabata angapo lilime lizolowera.

Amayi athu kumudzi ankakometsa ndiwo ndi chiyani? Tomato, anyezi, nsinjiro. Zonsezi kuno zilipo. Bonongwe uja tinamusiya kumunda, kuno akugulitsidwa m'misewu ndi dzina loti morogo. Kumsika wa ku Yeoville mupeza nyemba, mtedza ndi nsomba zouma. Kabichi ndi sipinachi sizisowa pakona iliyonse. Ndiye pambale panu masamba atenge theka. Nsima sindikukuletsani, inenso ndimadya. Koma kumudzi tinkamenya mitanda inayi chifukwa tinali titalima mizere kuyambira mbandakucha. Inu achimwene amene mumakhala pageti maola 12, inu achemwali amene mumaima pa till tsiku lonse, mitanda inayi thupi liitani? Limaisunga pamimba, ndipo matenda a shuga amayambira pamenepo.

Shuga wambiri timachita kumwa. Botolo la malita awiri la zakumwa zotsekemera lasanduka mlendo wa tsiku lililonse patebulo, ana akukulira pomwepo. Tembenuzani botololo muwerenge: magalamu 4 alionse a shuga ndi kasupuni kamodzi. WHO imati ndi bwino kusapyola timasupuni 6 patsiku, kuphatikiza wa mu tiyi. Dziko lino linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018 chifukwa cha zomwezi. Imwani madzi.

Za kuyenda ndinena mwachidule. Mphindi 150 pasabata, ndiye 30 patsiku kwa masiku asanu. Ogwira m'magadeni ndi pa zomangamanga mumakwanitsa kale. Enanu tsikani taxi musanafike, muyende ndawala, awiriawiri, kusanade.

Nyengo yozizira ino, chonde musagone ndi mbaula m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala sununkha, umangokugonetsani osadzukanso. Ndipo amene wakhosomola masabata awiri, akutuluka thukuta usiku, akuwonda, akayezetse TB. Timagona ambiri m'chipinda chimodzi, imafala msanga.

Ndikudziwa chimene chimatilepheretsa kupita kukiliniki. Ena bwana salola kujomba. Ena tikuopa kufunsidwa mapepala, ena tinalankhulidwapo mawu opweteka pamzere n'kubwerera. Zimenezi sindikuzichepetsa. Koma dziwani kuti gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza thandizo la chipatala, ndipo palibe woyenera kukanizidwa thandizo la mwadzidzidzi. Ngati chilankhulo chikuvuta, tengani mnzanu wodziwa Chizulu kapena Chingerezi. Ife a m'bungwe lino tiziperekezana.

Amene munayamba kale mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, musasiye poti mukupeza bwino. Mukupeza bwino chifukwa cha mankhwalawo. Musagawane mapiritsi ndi mnzanu wa m'nyumba. Ngati matenda anu akhazikika, funsani za CCMDD, njira yotengera mankhwala pamalo apafupi popanda kuima pamzere wa kukiliniki mwezi uliwonse. Ndipo mukamakonzekera basi ya Disembala yopita kumudzi ku Park Station, kauzeni anamwino nthawi ilipo kuti akupatseni okwanira ulendo wonse pamodzi ndi kalata.

Makina a BP ndabwera nawo, ali patebulo kumbuyoko. Amene mwangomwa tiyi kapena kusuta fodya dikirani theka la ola. Enanu khalani pansi mphindi zisanu, muvule majekete kuti mkono uoneke. Tiyamba ndi azibambo, poti ndi inu amene simuoneka kukiliniki. A tcheyamani, bwerani muyambe ndinu.